Linga ndi Bwalo

Kumwera kwa dziko la Greece kuli malo awiri akale amene ife, makolo ndi ana omwe, tiyenera kuwalingalira mofatsa.

Oyamba ndiwo linga la Acrocorinth, lomangidwa pamwamba pa phiri la mamita 575, loyang'ana mzinda wa Corinth umene timaudziwa m'makalata a Paulo. Eni ake analizinga ndi makoma ochindikala, naika zipata zitatu zotsatana, kuti mdani akathyola chimodzi apeze china chikumdikira. Pamwambapo panalinso kasupe, kuti otsekeredwa asafe ndi ludzu. Koma kodi linga linasunga eni ake? Iai. Ankhondo ochokera kumadzulo kwa Ulaya analilanda mu 1210, a ku Turkey mu 1458, a ku Venice mu 1687, ndipo a ku Turkey analitenganso mu 1715. Aliyense wolowamo anakonza makoma, naganiza kuti iye yekha ndiye sadzachotsedwa. Lero mulibe wogonamo.

Achiwiri ndiwo bwalo la masewero la ku Epidaurus, chakumwera kwa Corinth, lomangidwa zaka zoposa 300 Khristu asanabadwe. Mipando yake ya miyala inayalidwa pa chitunda m'mizere 55, yokwanira anthu pafupifupi 14,000. Amisiri anailinganiza mwaluso kotero kuti mau a wolankhula pansi amamveka kufikira mzere wotsiriza, popanda chokuzira mau. Bwaloli linali pafupi ndi kachisi kumene odwala ankadza kudzafuna machiritso. Pakuti anthu aja anaona kuti wodwala asowanso anzake ndi chomsangalatsa.

Nalonso bwalo linasiyidwa, nilikwiririka ndi dothi ndi mitengo. Koma litafukulidwa kuyambira mu 1881, linapezeka lili lamphumphu ndithu. Mu 1938 anachitamonso sewero, ndipo kufikira lero anthu amasonkhanamo m'nyengo yotentha.

Taonani kusiyana kwake. Linga linamangidwa ndi mantha, kuti anthu akhale kunja. Mantha aja atatha, ntchito yake inathanso. Bwalo linamangidwa kuti anthu akhale pamodzi namvane, ndipo chosowa chimenecho sichikalamba.

Sitikunyoza mpanda, pakuti mbala zilipo. Koma tidzifunse: pakhomo pathu, kodi ana ali ndi malo okhalira pansi ndi akulu madzulo, kumene ngakhale wamng'ono wokhala kumbuyo amamva namvedwa? Akale anati, kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Tisathere njerwa zonse pa linga, bwalo n'kumera udzu.