Tikulimbana ndi Dzina la Pokémon, Juga Ikulowera Khomo la Kuseri

Mwezi wathawu, pa gulu la WhatsApp la banja lathu panafika uthenga wa mawu kuchokera kwa m'bale wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Mwini mawuwo sitikumudziwa. M'bale wathuyo anangoutumiza monga anaulandirira. Uthengawo umati dzina loti Pokémon m'Chijapani limatanthauza kuti "ndine Myuda", ndipo mwana aliyense wolitchula akukana chipembedzo chake mosazindikira. Dzuwa lisanalowe, mlongo wanga anali atalanda foni yakale imene mwana wake wa zaka 11 amaseweretsa. Mwanayo anagona akulira, ndipo chimene chinamuopsa kwambiri n'kuganiza kuti miyezi yonseyi wakhala akutuluka m'Chisilamu tsiku ndi tsiku.

Uthengawo ndi wabodza, ndipo ndikunena izi poyera chifukwa ambiri amene anautumiza ndi anthu olemekezeka, oswali, amene sangayerekeze kunama pamaso pa munthu. Dzinali ndi chidule cha mawu awiri a Chingerezi, Pocket Monsters, kutanthauza zilombo za m'thumba. Myuda m'Chijapani amati Yudayajin, mawu osafanana n'komwe ndi dzina la gemuyi. Pikachu, kanyama kachikasu kamene kali pa zikwama za ana m'misika yathu ya kaunjika, dzina lake likuchokera ku "pika", kung'anima kwa magetsi, ndi "chu", kulira kwa mbewa. Mphekeserayi siyatsopano ayi. Inazungulira m'maiko a Aluya m'chaka cha 2001, ndipo yafika kunyanja kuno itakalamba kale.

Amene anayambitsa gemuyi ndi Satoshi Tajiri, wobadwa m'chaka cha 1965, yemwe anakulira ku Machida, dera la m'mbali mwa mzinda wa Tokyo limene panthawiyo linali lidakali ndi minda ndi maiwe. Ali mwana ankakonda kugwira tizilombo touluka ndi tokwawa, mpaka anzake anamutcha dokotala wa tizilombo. Kenako nyumba ndi misewu zinameza minda ija, tizilombo n'kusowa, ndipo iye anafuna kuti ana a m'tauni alaweko chimwemwe chimene anakula nacho. Aliyense wa ife amene anathamangitsapo ziwala kudambo kapena kukumba nkhululu kuseri kwa nyumba akhoza kumumvetsa. Kampani yake ya Game Freak inalimbana ndi ntchitoyi pafupifupi zaka 6, ndipo gemuyo inatuluka pa 27 February 1996, ya pa kachipangizo ka m'manja ka Nintendo kotchedwa Game Boy. Wosewera amayendetsa mnyamata m'matauni ndi m'matchire, kugwira tinyama n'kutisunga m'timipira, kutiphunzitsa ndi kutilimbanitsa ndi ta anthu ena. Kamene kagonja kamakomoka, sikafa. Poyamba mitundu yake inali 151. Lero yapitirira 1,000. Gemuyo inatuluka pawiri, Red ndi Green, iliyonse yosowa tinyama tina, kuti ana azilumikiza zipangizo zawo ndi chingwe n'kumasinthana. Ena amati chimenechi chimalimbikitsa ubwenzi. Ine ndimaonaponso nzeru ya wamalonda, pakuti nyumba ya ana awiri inkagula kawiri.

Wina andifunsa: nanga ma ulama sanailetse? Zoona, m'mwezi wa March 2001 akuluakulu opereka fatwa ku Saudi Arabia analetsa magemu ndi makhadi a Pokémon, ndipo Sheikh Yusuf al-Qaradawi wa ku Qatar nayenso anatsutsa m'chaka chomwecho. Zifukwa zikuluzikulu za ku Saudi zinali zitatu: juga, chiphunzitso chakuti zamoyo zinachita kusandulika kuchokera ku zinzake, ndi zizindikiro za zipembedzo zina pa makhadi. Ine si shehe, ndipo kugamula za halali ndi haramu ndikusiyira eni ake. Koma zifukwa zitatuzi sizilemera mofanana, ndipo kholo lili ndi ufulu woziika pa sikelo.

Za zizindikiro, a Nintendo anakana kuti sanaikemo dala chizindikiro cha chipembedzo chilichonse. Za kusandulika, tiyeni tione zimene zimachitika m'gemumo. Kanyama kotchedwa Caterpie ndi mbozi. Kakakula kamalowa m'chikwa n'kutchedwa Metapod, kenako n'kutuluka gulugufe, Butterfree. Poliwag ndi mbululu imene ikupita ku uchule. Ndi kanyama kamodzi komweko kosintha maonekedwe pa moyo wake umodzi. Ife a kunyanja, amene chaka ndi chaka timaona nkhungu zikufuka pamadzi ngati utsi pambuyo pokhala timphutsi pansi pa nyanja, tingauze bwanji mwana kuti zimenezi n'zotsutsana ndi Mlengi? Opanga gemuyi anasankha mawu amene akatswiri amagwiritsa ntchito pa chiphunzitso cha Darwin, koma chooneka pa galasi la foni ndi chimene mwana wa pulayimale amajambula m'kope la sayansi.

Pa juga ndiye anagwira pachilonda, ndipo apa m'pamene uthenga wa pa WhatsApp uja sunanene kanthu. M'gemu yoyamba ija, mu mzinda wotchedwa Celadon, muli nyumba ya makina otchovera juga, imene eni ake ndi gulu la mbava la Team Rocket. Wosewera amagula makobidi ndi ndalama za m'gemu, n'kumazungulitsa makinawo poyembekeza mphoto, ndipo kanyama kena, Porygon, kamapezeka pokhapokha ukasinthanitsa makobidi amenewo: 9,999 m'gemu ya Red. Palibe tambala yeniyeni imene imatayika, komabe mwana amazolowera kukoma kwa "kamodzi kokha, mwina ino".  HeartGold ndi SoulSilver zitatuluka kunja kwa Japan m'chaka cha 2010, makinawo anali atachotsedwa, ndipo kuyambira Black ndi White nyumba ya juga inasowamo.

Koma juga sinachoke, inangosamukira m'paketi. Kuyambira 1996 pali makhadi a Pokémon ogulitsidwa m'mapaketi omata. Umalipira usanaone za m'kati. Ambiri ndi makhadi wamba, koma kamodzi pakamodzi mumatuluka losowa, ndipo nkhani ya losowalo ndiyo imagulitsa mapaketi ena onse. M'chaka cha 2021 munthu wotchuka pa YouTube, Logan Paul, anagula khadi limodzi la Pikachu pa mtengo wa madola 5,275,000. Mwana akamva zimenezo, paketi iliyonse imaoneka ngati mgodi. Tinkatha kunena kuti zimenezi n'za ku America ndi ku Japan, makhadi enieni kuno safika. Mu October 2024 chitonthozo chimenecho chinatha, pamene inatuluka Pokémon TCG Pocket, gemu ya pa foni yoika kwaulere. Imakupatsa mapaketi awiri pa tsiku, lililonse la makhadi asanu, ndipo umaling'amba ndi chala pa galasi ngati lenileni. Ukafuna lachitatu usanadikire maola ake, pali njira yolipira. Opanga ake amadziwa bwino kuti ovuta ndi maola odikirawo.

Kulipira ndalama yodziwika pofuna chinthu chosadziwika, chimene chikhoza kukhala chamtengo kapena chachabe, ndi nkhani imene Chisilamu chinaiunika kalekale pa za maysir ndi gharar, ndipo Surat Al-Ma'idah imaika juga pamodzi ndi mowa. Si Asilamu okha aona izi: m'chaka cha 2018 bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi a mwayi olipiridwa a m'magemu ena ndi juga. Apa ndipo mashehe athu anayenera kufunsidwa, ndipo afunsidwe atapatsidwa chithunzi choona cha mmene mapaketiwa amagwirira ntchito. Shehe amene wapatsidwa nthano ya dzina agamula pa nthano, mlandu weniweni n'kutsala osazengedwa.

Amene amati "ku Saudi analetsa, nkhani yatha" adziwenso ichi. Pokémon Go, imene mu 2016 inayendetsa makamu m'misewu ya maiko ambiri akuloza mafoni m'malere, inagulidwa m'chaka cha 2025 pamodzi ndi magemu ena a kampani ya Niantic pa mtengo wa madola 3.5 biliyoni. Wogula anali Scopely, kampani ya Savvy Games Group, imene mwini wake ndi Public Investment Fund, thumba la chuma la boma la Saudi Arabia. Thumba lomweli linagulanso masheya m'kampani ya Nintendo. Sindikunena kuti kugula kwa boma kumafafaniza fatwa ya ma ulama. Mfumu ndi shehe ali ndi mipando yosiyana. Ndikunena kuti dzina la dziko si umboni, ndipo kholo la ku Nkhotakota kapena ku Makanjira silingapewe ntchito yofufuza pongotchula Saudi.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi mtengo wa bodzali m'nyumba. Mwana wa lero ali ndi intaneti, kapena mnzake wa ku sekondale ali nayo. Tsiku lina adzafufuza tanthauzo la dzinali, ndipo m'mphindi imodzi adzapeza kuti mayi ake anamuopseza ndi chinthu chopanda mutu. Tsiku limenelo tataya chikhulupiriro chake, ndipo pamene tidzamuuze zoona, kuti paketi yolipira ija ndi m'bale wake wa kubetcha kwa mpira kumene kwameza malipiro a asodzi ambiri, adzangoti akuluakulu ayambanso. Surat Al-Hujurat imatilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu, kuopera kupweteka anthu mosadziwa. Sindinamvepo kuti lamulo limeneli limapuma nkhani ikabwera pa foni, kapena ikakhala yonamizira Ajapani ndi Ayuda. Kunamizira ndi kunamizira, kaya wonamiziridwayo amaswali nafe kapena ayi.

Ndinapita kwa mlongo wanga Lachisanu titatuluka ku Jumu'ah, n'kupempha foni ija. Munali gemu yakale ya Red, imene anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika anamuikira, yosafuna intaneti kapena ndalama. Ndinakhala ndi mwanayo pakhonde kuti andionetse. Anali atagwira mitundu 64, ndipo ankadziwa kuti ka madzi kamagonjetsa ka moto, ka magetsi kamagonjetsa ka madzi. Ndinamufunsa za nyumba ya makina ija ku Celadon.

"Ndinalowamo kawiri, amalume. Ndalama zanga zonse zinathera momwemo."

Tinagwirizana kuti m'nyumba imeneyo salowamonso, kuti adhana ya Magharibi ikamveka foni ipite m'manja mwa mayi ake, ndi kuti gemu iliyonse yopempha ndalama ayambe wationetsa. Mlongo wanga anasintha nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni yake madzulo omwewo. M'bale wa ku Johannesburg ndinamulembera kumufunsa kumene anautenga uthenga uja. Anayankha kuti anautenga pa gulu lina, ndipo sanaumvetsere mpaka kumapeto.