Tisanakwere Basi, Tiyambe Tayesa Katundu

Mvula ikatha ndipo dzinthu zikalowa m'nkhokwe, maulendo a mpingo amayamba. Kwaya yaitanidwa ku chikondwerero, amayi a Anna Woyera ali ndi msonkhano, a Legio ya Maria akupita kukapemphera ku Marian Shrine, enanso akufuna kukaonerera madikoni akudzozedwa unsembe mu Cathedral of the Child Jesus ku Lusaka. Pa maulendo otere timasonkha ndalama ndi kupeza basi ya hayala. Timakambirana za mtengo, za tsiku, za yunifolomu ndi za nyimbo. Koma nkhani ya katundu timaisiya mpaka m'mawa wa tsiku lonyamuka, basi itaima kale pabwalo la tchalitchi. Pamenepo ndi pomwe mikangano imabadwira, ndipo nthawi zina ndi pomwenso ngozi imayambira.

Tiyambe taganizira za msewu umene basiyo idzayendamo. Kuchokera pa boma la Luangwa, lomwe akuluakulu amalitchulabe kuti Feira, kukafika pa mlatho wa Luangwa pali makilomita pafupifupi 90. Kuchokera pamlathopo, kutsata Great East Road mpaka ku Lusaka, pali makilomita oposa 200. Kwathu kuno, pomwe Luangwa amathira mu Zambezi, ndi malo otsika koposa m'Zambia monse, mamita pafupifupi 330 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lusaka ali pa mamita oposa 1,200. Choncho popita basi imakwera, pobwera imatsetsereka, ndipo pakati pali mapiri a Manenekela ndi makhwawa ake amene aliyense woyenda njira iyi amawadziwa.

Basi iliyonse ili ndi muyeso wa kulemera kumene ingathe kusenza. Katundu wolemera akaunjikidwa padenga, basi imapendekera pokhota, monga amachitira munthu wosenza mtsuko wodzaza pa njira yoterera. Potsetsereka, kulemera kumakankha basi kutsogolo, mabuleki amatentha ndipo mphamvu yake imachepa. Matayala nawonso, akalemedwa pa msewu wotentha wa m'chigwa mwezi wa Okutobala, sachedwa kuphulika. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati anthu 30 aliyense awonjezera thumba limodzi la ufa la makilogalamu 25, ndiye kuti tawonjezera makilogalamu 750, kufanana ndi kukweza anthu ena akuluakulu oposa khumi opanda mipando. Palibe wapampando wa parishi amene angalole anthu khumi kukwera padenga la basi. Nanga bwanji timalola kulemera komweko kukakhala kuti kuli m'matumba?

Sitikunena izi ponyoza amalonda. Dzina lenilenilo lakuti Feira m'chilankhulo cha Apwitikizi limatanthauza msika, ndipo malonda ndiwo akhala akusunga mabanja a m'chigwa chino kuyambira kale. Kuno mvula ndi yosadalirika, njovu zimaononga minda, ndipo ndalama ya sukulu imachokera ku nsomba zouma, masau, mphasa ndi madengu. Mayi wamasiye akaona basi ikupita ku Lusaka mpando wake atalipira kale, nkosadabwitsa kuti amaganiza zotengerapo mtolo wa nsomba kuti akagulitse ku msika wa Soweto. Vuto limabwera pamene aliyense aganiza chimodzimodzi mwamseri. Ofika msanga ndi amphamvu amadzaza malo onse, ndipo agogo amene afika mochedwa ndi kathumba kawo ka bulangete amauzidwa kuti akafungatire pamiyendo ulendo wonse. Ndalama tinasonkha mofanana, koma malo tagawana mosiyana. Uku ndi kulakwira chilungamo, ngakhale tichite poimba nyimbo za Mulungu.

Nchifukwa chake tikupempha kuti komiti iliyonse yokonza ulendo isankhe anthu awiri, bambo ndi mayi, oyang'anira katundu. Iwowa alankhule ndi mwini basi kukadali nthawi, adziwe ngati basiyo ili ndi buti pansi, kaliyala padenga kapena ngolo yokoka kumbuyo, pakuti mabasi aang'ono monga Rosa alibe malo ambiri osungiramo katundu. Kenaka muyeso ulengezedwe m'tchalitchi ndi m'miphakati Lamulungu ziwiri ulendo usanafike: munthu mmodzi, chikwama chimodzi chachikulu ndi kachikwama kam'manja. Amene ali ndi katundu wamalonda anene poyera. Ngati malo alipo, alipire padera, ndalamayo ichepetse mtengo wa hayala kwa onse. Ngati malo palibe, amalondawo agwirizane ndi kutumiza mitolo yawo pa lole. Katundu yense afike patchalitchi madzulo a tsiku loti mawa ndi ulendo, alembedwe m'kope, kuti m'mawa pasakhale kukankhana.

M'kachikwama kam'manja muikidwe zinthu zimene munthu sangathe kulekana nazo: chiphaso chake, ndalama, foni, kolona, buku la mapemphero, madzi akumwa ndi kamba wapanjira. Koposa zonse muikidwe mankhwala. Odwala shuga, othamanga magazi ndi amene amamwa ma ARV asaike mankhwala awo m'chikwama chimene chidzamangidwe padenga, chifukwa basi ikaonongeka panjira usiku, palibe amene adzamasule zingwe zonse pofunafuna kabotolo kamodzi. Muikidwenso juzi ndi chitenje. Ife a m'chigwa tinazolowera kutentha, ndipo timaiwala kuti mu Juni ndi Julayi mphepo ya ku Lusaka imalowa m'mafupa.

Popakira, zolemera zikhale pansi ndi pakati pa basi, osati kumbuyo kwenikweni kapena mbali imodzi. Padenga pakwere zopepuka zokha, monga mphasa, matiresi ndi mabulangete, zofundikidwa ndi tenti ndi zomangidwa ndi zingwe zolimba, osati malegeni otha ntchito. Dalaivala akaima pa Rufunsa kapena pa Chongwe, oyang'anira katundu atsike ndi kuona ngati zingwe zikadali zokungika. Nsomba zikhale m'matumba awo, kutali ndi zovala, kuti yunifolomu ya kwaya isakafike pa guwa ikununkha usodzi. Ng'oma ndi zoimbira zina zikulungidwe ndipo zisasanjikidwe ndi kanthu. Njira yapakati pa mipando ndi khomo zikhale zopanda chotchinga, pakuti pa nthawi ya ngozi thumba limodzi logona pakhomo likhoza kutsekera anthu onse m'kati. Petulo, palafini ndi mbaula yamoto zisalowe konse m'basi ya anthu.

Zikwama zija za mizeremizere zimene ambiri amazitcha ukwa zimafanana ngati mapasa. Aliyense amangirire kansalu ka mtundu wake pa chogwirira, ndi kulemba dzina lake ndi la tchalitchi chake kunja ndi m'kati momwe. Popakira pobwerera, tikumbuke kuti otsika pomaliza ndiwo ayenera kupakira poyamba. Katundu wa anthu a pa boma alowe m'kati, wa anthu a ku Katondwe ndi ena otsikira panjira akhale pafupi ndi chitseko. Tikatero sitidzatsitsa basi yonse mumdima pofuna chikwama cha munthu mmodzi.

Palinso katundu wina amene angagwetse gulu lonse m'mavuto. Tili pafupi ndi nkhalango ya Lower Zambezi, ndipo kunyamula nyama yam'tchire popanda chilolezo ndi mlandu waukulu. Nsombanso zili ndi nyengo yake, pakuti Boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Pa mlatho wa Luangwa pali pofufuzira magalimoto. Thumba limodzi lobisika likapezeka, basi yonse imaima, Misa imapita, ndipo dzina la parishi limadetsedwa. Wobisa zotere pansi pa zitenje za amayi a mpingo adziwe kuti wasandutsa abale ake chishango cha mlandu wake.

Ulendo wobwerera ndiwo umafuna maso kwambiri. Popita tinali ndi mtima wa pemphero, koma tikadutsa ku Kamwala ndi ku Soweto, maso amayamba kusirira. Uyu wagula belo la salaula, uyo thumba la simenti la makilogalamu 50, winanso malata. Akuluakulu anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Muyeso umene tinagwirizana popita ukhale womwewo pobwera, makamaka chifukwa pobwera ndi pamene basi imatsetsereka mapiri.

Tikumbuke mmene chikhulupiriro chinafikira kwathu. Ansembe a Chijezuiti atachotsedwa m'dziko la Apwitikizi pambuyo pa kusintha kwa boma kwa mu 1910, anawoloka Luangwa nadzakhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe. Masiku amenewo katundu ankayenda pamitu ya anthu, ndipo aliyense ankadziwa kuti chilichonse chowonjezera ndi thukuta la munthu wina. Lero injini ndiyo imasenza, koma lamulo silinasinthe. M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 27, timamva za chombo chimene Paulo Woyera anakwera ndi anthu 276 onse pamodzi. Namondwe atakula, anataya katundu m'nyanja, kenaka ndi tirigu yemwe, ndipo onse anapulumuka. Iwo anasankha ali pakati pa mafunde. Ife tili ndi mwayi wosankha tikadali pabwalo la tchalitchi.

Tsono abale ndi alongo, pa msonkhano wotsatira wokonza ulendo, nkhani ya katundu ilembedwe pamwamba pamodzi ndi ya ndalama. Popemphera basi isananyamuke, tipemphe Mulungu kuti atiteteze titachita kale mbali yathu. Mayi Maria, amene anayenda ulendo wa ku mapiri kukachezera Elizabeti, atiperekeze popita ndi pobwera.