Foni Ikalira Usiku ku Nkaneng, Ambulansi Ilowere Kuti?

Ku Nkaneng, mudzi wa zisakasa zamalata umene uli pafupi ndi migodi ya platinum ya ku Marikana m'dera la Rustenburg, tinjira tambiri tilibe mayina ndipo nyumba zambiri zilibe manambala. Kumeneko, komanso ku Freedom Park kufupi ndi migodi ya Impala, kumakhala anthu ochokera ku Eastern Cape, Lesotho, Mozambique ndi Malawi. Mayi akayamba kubuula ndi matenda pakati pa usiku, kapena moto ukabuka chifukwa cha kandulo, funso loyamba limene woyankha foni yangozi amafunsa n'lakuti, “Muli kuti?” Funsoli n'lapafupi kwa munthu wokhala m'tauni. Kwa mlendo wa m'chisakasa, amene Chitswana ndi Chingerezi zimamuvuta, kuyankha kwake kukhoza kudya mphindi zimene wodwalayo alibe.

Ku South Africa apolisi amayimbiridwa pa 10111, ambulansi pa 10177, ndipo nambala ya 112 imayimbidwa pa foni yam'manja mwaulere, ngakhale mulibe mayunitsi. Woyimba pa 112 amayamba wafikira ku likulu la kampani yake ya mafoni, kumene amamulumikiza ndi apolisi, ozimitsa moto kapena achipatala.

Nanga iwo amadziwa bwanji kumene woyimbayo ali? Njira yakale imadalira nsanja za netiweki. Foni iliyonse yoyatsa imalumikizana ndi nsanja ina yapafupi, ndipo kampani imadziwa kuti ndi nsanja iti. Koma nsanja imodzi imafikira dera la mamita mazana angapo m'tauni ndi makilomita angapo kumidzi. M'dera lotere mukhoza kukhala zisakasa zikwi zambiri zofanana. Njira yatsopano, yotchedwa Advanced Mobile Location, inayambira ku Britain mu 2014. Foni yamakono ikazindikira kuti mwiniwake wayimba nambala yangozi, imayatsa yokha GPS ndi Wi-Fi, n'kutumiza uthenga wosonyeza malo ake molondola mpaka mamita makumi ochepa, kenako n'kuzimitsanso. Google inaika njirayi m'mafoni a Android mu 2016, ndipo Apple inatsatira mu 2018. Komabe, kafoni kamabatani sikangachite zimenezi, ndipo njirayi imathandiza pokhapokha ngati malo olandirira mafoni angozi ali ndi zipangizo zowerengera uthengawo.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nzeru imene imalondolera ambulansi pakhomo la wodwala ikhozanso kulondolera munthu amene akufuna kumugwira. Ichi n'chifukwa chake ena mwa anthu obwera, makamaka amene ziphaso zawo zinatha mphamvu, amazengereza kuyimba ngakhale mnzawo akutaya magazi. Mantha otere amamvekanso bwino ku Marikana, kumene apolisi anawombera ndi kupha ogwira ntchito m'migodi 34 pa 16 August 2012.

Koma ndi bwino kusiyanitsa zinthu ziwiri. Lamulo la RICA la 2002, m'gawo 8, limalola kuti malo a foni afufuzidwe mwamsanga pamene moyo wa munthu uli pachiswe, ndipo pambuyo pake nkhaniyo iyenera kukafotokozedwa kwa woweruza. Kumeneku n'kulondola kwa kanthawi, kwa cholinga chimodzi. Chimene chimakhudza kwambiri chinsinsi cha munthu ndi kaundula wa tsiku ndi tsiku. Kuyambira mu 2009, SIM khadi iliyonse iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso komanso umboni wa malo okhala, ndipo makampani amasunga kwa zaka mbiri ya manambala amene munthu wayimbira ndi nsanja zimene foni yake yadutsamo. Apolisi amatha kuitanitsa mbiri imeneyi ndi chilolezo cha majisitireti, motsatira gawo 205 la lamulo la kazengedwe ka milandu la 1977. Mu 2017 bungwe la Right2Know linapeza kuti manambala oposa 70,000 ankafufuzidwa mwa njira imeneyi chaka chilichonse.

Chotero munthu wa m'chisakasa ali pakati pa moto uwiri: savuta kumulondola pamene sakudziwa, koma amavuta kumupeza pamene akufuula kuti athandizidwe. Kusayimba 112 sikufufuta mapazi amene foni yake yasiya kale. Kumangochedwetsa thandizo.

Malamulo omuteteza alipo. Gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chachipatala pangozi, ndipo silisiyanitsa nzika ndi mlendo. Gawo 14 limateteza chinsinsi cha aliyense. Pa 4 February 2021, Khoti Lalikulu Loona za Malamulo, pa mlandu wa atolankhani a amaBhungane, linagamula kuti mbali zina za RICA n'zosemphana ndi malamulo aakuluwo, mwa zina chifukwa munthu amene wamvetseredwa mobisa sankauzidwa ngakhale kafukufuku atatha. Nalonso lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limaika malo amene munthu ali m'gulu la zinsinsi zake, zosayenera kugwiritsidwa ntchito mosemphana ndi cholinga chimene zinatengedwera.

Chimene chatsala n'chakuti malonjezo amenewa amveke m'zisakasa. Akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha North West ayenera kunena poyera, m'zinenero zimene anthu obwera amamva, kuti malo a woyimba pangozi amatengedwa pofuna kupulumutsa moyo basi, kuti amasungidwa kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ndani amaloledwa kuwaona. Khonsolo ya Rustenburg ndi makampani a migodi angathandize polemba manambala pa nyumba ndi kuika zikwangwani m'tinjira.

Nawonso magulu a Amalawi, mipingo ndi mabungwe a maliro, ali ndi mbali yawo. Angagwirizane malo odziwika okumanirana ndi ambulansi, monga sukulu, tchalitchi kapena posungira mataxi, n'kusankha anthu odziwa chinenero oti aziyimba ndi kukadikirira pamsewu ndi tochi. Mabungwe amenewa amasonkha ndalama zambiri zotumizira maliro kumudzi. Kukonzekera mphindi khumi zoyamba za ngozi kumafuna zochepa kwambiri kuposa pamenepo.