Mthunzi wa Mitengo Imene Sitinabzale Ife

Ambiri a ife tikafika ku Maputo timathamangira ku maofesi, ku chipatala kapena ku msika, ndipo zikatha timafulumira kubwerera kwathu. Mwezi uno tifuna kukuuzani za malo amene tinapumulapo paulendo wotere, ndi zimene tinalingalira titakhala pansi pamenepo.

Malowo ndi Jardim Tunduru, munda wa mitengo ndi maluwa umene uli m'katikati mwa mzinda, m'mbali mwa Avenida Samora Machel. Unakonzedwa mu 1885 ndi katswiri wa minda ya maluwa wa ku Britain, Thomas Honney, pamene mzindawu unali kutchedwa Lourenço Marques. M'nthawi ya atsamunda mundawu unali ndi dzina la Vasco da Gama. Dziko litalandira ufulu mu 1975, unapatsidwa dzina la Tunduru, dera la kumwera kwa Tanzania kumene Frelimo inali ndi msasa ndi sukulu ya ana m'zaka za nkhondo yomenyera ufulu.

Munthu akangolowa pachipata, phokoso la magalimoto limachepa ndipo kamphepo kozizira kamamlandira. Muli akanjedza aatali ndi mitengo ikuluikulu imene mileme imalendewera m'nthambi zake usana. Tinaona ophunzira akuwerenga, nkhalamba zikucheza pa mabenchi, ndiponso akwati atabwera ndi abale awo kudzajambulitsa zithunzi. Onsewa anali kugawana mthunzi umodzi, wosauka ndi wolemera yemwe.

Pafupi ndi mundawo pali nyumba yotchuka, Casa de Ferro, imene makoma ndi denga lake ndi zachitsulo. Inaimikidwa mu 1892 kuti bwanamkubwa azikhalamo, koma iye sanakhalemo chifukwa cha kutentha. Taonani zinthu ziwirizi, za m'nyengo imodzi, zoyang'anizana: china chinadya chuma chambiri koma chinalephera kusunga mwini wake; china chinayamba ndi timitengo tating'ono, ndipo patapita zaka zoposa 130 chikusungabe anthu osawerengeka.

Komatu munda sudzisamala wokha. Tunduru anakhala zaka zambiri wonyalanyazidwa, kufikira pamene anatsekedwa kuti akonzedwe, natsegulidwanso mu 2015. Amisiri anatha kukonza tinjira, mipanda ndi mabenchi m'nthawi yochepa. Koma mitengo ija ikanadulidwa, palibe ndalama imene ikanaibwezera pa msinkhu wake. Msinkhu wa mtengo sugulidwa, umadikiridwa.

Tili pamenepo, maganizo athu anabwerera kuno kwathu. Mu mzinda wa Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapyola madigiri 40. Chikhalirechotero, munthu akapeza malo omangapo nyumba, ntchito yake yoyamba ndiyo kugwetsa mtengo uliwonse, kufolera malata, ndi kuthira simenti pabwalo ponse. Pambuyo pake ana amasowa posewera, agogo amasowa pokhala masana, ndipo banja lonse limagona panja chifukwa m'nyumba muli ng'anjo. Kodi sitikudzimangira tokha nyumba yachitsulo ija?

Sitikunena kuti aliyense akhale ndi munda wonga wa Tunduru. Tikunena za mtengo umodzi kapena iwiri pakhomo, pasukulu, pamsika ndi pabwalo la tchalitchi. Kumalo otentha a m'chigwa cha Zambezi masau ndi mango zimapirira. Kumapiri a Angónia mapeyala ndi mapichesi amachita bwino. Kumbani dzenje mvula isanagwe, thiranimo manyowa osakaniza ndi dothi, ndipo bzalani nthaka ikanyowa bwino. Tchingani ndi minga kuopa mbuzi. M'chilimwe choyamba ndi chachiwiri muzithirira, ngakhale ndi madzi otsukira mpunga kapena ndiwo. Akulu anati mmera mpoyamba.

Amene anabzala mitengo ya Tunduru anapita kale, ndipo sanadziwe kuti tsiku lina alendo ochokera ku Tete, mtunda wa makilomita oposa 1,500, adzapumula pansi pake. Nafenso tili ndi adzukulu amene sitidzawaona. Mukadzapita ku Maputo, patulani ola limodzi mukakhale m'mundamo. Ndipo mukabwerako, mvula ikagwa, tengani khasu.