Njinga ya aluminiyamu kapena ya kaboni? Funsani kaye wowotcherera

Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kuphatikizapo kusowasowa kwa mafuta agalimoto, ndalama ya minibasi yakhala mtolo wolemera kwa anthu apantchito. N'chifukwa chake ena a ku Area 25 kapena ku Chirimba ayamba kuganiza zogula njinga yakapalasa yopitira kuntchito.

Pakati pa njinga zakaunjika zochokera kunja, masiku ano mumapezekanso za felemu ya aluminiyamu ndi ya kaboni. Wogulitsa amakunyamulitsani ya kaboni ndi dzanja limodzi kuti mumve kupepuka kwake. Kupepukako n'koona, koma musafulumire kupisa m'thumba.

Felemu ya kaboni si chitsulo ayi. Ndi timaulusi tomatidwa pamodzi ndi guluu wolimba, ndipo inatchuka chifukwa cha mipikisano monga Tour de France, komwe lamulo limati njinga isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Kumeneko galamu iliyonse ndi nkhani. Koma pa mafelemu abwino a mitundu iwiriyi, kusiyana kwake nthawi zambiri n'kongofanana ndi kabotolo kamadzi ka theka la lita. Munthu wonyamula chikwama, nsapato zosinthira ndi kamba wa masana, kusiyana kumeneku sangakumve n'komwe pokwera chitunda cha ku Ndirande.

Vuto lalikulu lili pa kuonongeka. Aluminiyamu ikamenyetseka imafwapika kapena kuonetsa mng'alu, ndipo mwini wake amadziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Kaboni imatha kung'aluka m'kati, kunja penti ali phuliphuli, kenako tsiku lina n'kungothyoka munthu ali pa liwiro. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nanga njinga yakaunjika, ndani angakuuzeni kuti kwawoko inagwapo kangati?

Kaboni siwotchereka, ndipo amisiri odziwa kuimata ndi osowa kwambiri kuno. Simalolanso kumangidwa mothina, choncho kuikapo keliyala yonyamulira thumba la ufa n'kudziputira ngozi. Aluminiyamu ndi yotsika mtengo, sichita dzimbiri m'nyengo yamvula, ndipo mafelemu ake ambiri amabwera ndi timabowo tomangira keliyala. Komabe nayo ili ndi pake: ikathyoka imafuna makina apadera owotcherera, ndipo powotchererapo pamakhala pofooka.

Apa ndiye pamaonekera nzeru za akabaza. Iwo amakakamira njinga yachitsulo, monga Buffalo yomwe keliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100, chifukwa ikathyoka ku Nsundwe kapena ku Lunzu, wowotcherera wa pamsika amaikonza tsiku lomwelo.

Ndiye pa ziwirizi, wopita kuntchito tsiku ndi tsiku asankhe aluminiyamu. Musanalipire, yang'anitsitsani molumikizira monse, makamaka pansi pa chishalo ndi pafupi ndi mahandulo. Mukaona kamzere kooneka ngati tsitsi, isiyeni. Ndalama yomwe mwapulumutsa mugulire matayala otakata, mabuleki abwino, nyali ndi loko wolimba, chifukwa pa misewu yathu yamaenjeyi, tayala ndi limene limateteza msana kuposa felemu. Kaboni tiwasiyire ampikisano, omwe njinga ikathyoka sajomba nayo kuntchito.