Pofuna Loya, Tsegulani Maso

Mwezi watha pambuyo pa Misa, mai wina wamasiye wa mumphakati wathu anandiimika pakhomo la chalichi. Papita miyezi itatu cimwalirire amuna ao, ndipo azilamu ao akuti atuluke m'nyumba kuti iwo aigulitse. Anandifunsa misozi ili cilengelenge: "Aphunzitsi, kodi nkoyenera Mkristu kutengera abale ake kwa loya?" Ndinawayankha kuti kucinjiriza colowa ca ana amasiye si cidani ai. Koma ndinawacenjezanso kuti posankha loya asathamange, pakuti safunsa anadya phula.

Coyamba, dziwani zimene lamulo linena. Ngati munthu wamwalira osasiya wilo, lamulo la 1989 lochedwa Intestate Succession Act ligawa cuma motere: ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo ena amene anali kudalira malemuyo 10. Nyumba ikhala ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo iye akhalamo kufikira imfa kapena kufikira atalowa m'banja lina. Koma lamuloli silikhudza malo a mafumu. Munthu wodziwa izi sanamizidwa msanga.

Caciwiri, dziwani khoti limene mlandu wanu udzapita. Ku Local Court maloya saloledwa kuimira munthu. Mudzadzilankhulira nokha, loya angokupatsani uphungu musanapite. Ku High Court, kumene kuli cigawo ca milandu ya mabanja ndi ana cimene Constitution inakhazikitsa mu 2016, loya ndi wofunika ndithu.

Cacitatu, si yense wobvala jekete ndi kunyamula cola amene ali loya. Loya weniweni ali ndi satifiketi ya caka cimeneco yomulola kugwira nchito, ndipo bungwe la Law Association of Zambia lingakuuzeni ngati dzina lake lilipo. Pewani anthu oyendayenda pabwalo la khoti olonjeza kuti mlandu mudzapambana. Woweruza ndiye agamula.

Mukafika mu ofesi, musacite manyazi kufunsa. Kodi milandu ya mabanja ndi ya cuma ca masiye anaigwirapo? Adzalipiritsa zingati, ndipo motani? Zimene mwapangana zilembedwe, ndipo pa ndalama iliyonse landirani risiti. Tengani satifiketi ya cikwati, ya imfa, mapepala a nyumba ndi a kubadwa kwa ana. Siyani makope, enieniwo musunge. Ndi bwino kupita ndi mnzanu wokhulupirika, pakuti mtima wacisoni uiwala zambiri. Ndipo muuzeni loya zoona zonse, ngakhale za ana obadwa kunja kwa banja, cifukwa naonso lamulo liwawerengera.

Nanga osauka? Boma lili ndi Legal Aid Board yothandiza osowa ndalama. Amai ndi ana angapitenso ku National Legal Aid Clinic for Women, imene inayamba mu 1990 mu Lusaka. Ngati abale ayamba kale kututa katundu, thamangirani ku Victim Support Unit ya apolisi.

Mai uja tinawaperekeza awiri a mumphakati. Mlandu ukali m'njira, koma ana akugona m'nyumba ya atate ao. Ife azibambo amene tikali moyo, tilembe wilo lero, kuti akazi athu asadzayende ulendo umenewu.