Chitukuko cha m'gombe ku Monkey Bay: asodzi azikakocheza kuti?

Masomphenya a Malawi 2063, omwe boma linakhazikitsa mu Januwale 2021, akudalira kwambiri ntchito zokopa alendo. Mwa matauni asanu ndi atatu omwe akufuna kuwakweza kukhala mizinda, muli dera la Mangochi ndi Monkey Bay, Salima ndi Chipoka, komanso Nkhata Bay. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, izi zikutanthauza kuti tiyembekezere madoko a maboti a alendo, mahotela ndi malo osangalalira pa gombe lomwe timadalira tsiku ndi tsiku.

Phindu lake lilipo ndithu. Monkey Bay ndi kwawo kwa sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Pafupi pomwepo pali Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Doko labwino la maboti lingabweretse ntchito kwa anyamata athu oyendetsa maboti ndi okonza injini, komanso msika wa chambo, zipatso ndi zosemasema.

Nkhawa yagona pa gombe. Aliyense woyenda pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay amaona mipanda ya mahotela ndi nyumba za anthu olemera ikutsika mpaka kumadzi. Mpanda ukatseka gombe, mudzi umataya pokocheza mabwato, poyanika usipa ndi makoka, komanso pochapira ndi posamba amayi mwaulemu. Amene amalandira ndalama za malowo ndi anthu ochepa, koma amene amayenda mtunda wautali kukatunga madzi ndi mudzi wonse.

Madzi nawonso atiphunzitsa. Mu 2024 nyanja inasefukira ndi kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ambiri ku Mangochi. Chilichonse chomangidwa pafupi kwambiri ndi madzi chili pachiopsezo, ndipo chikawonongeka ntchito za ana athu zimathera pomwepo.

Malamulo amatipatsa mpata wolankhula. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Lamulo la chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa mmene zikhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo pa kafukufukuyo anthu a m'deralo amafunsidwa maganizo.

Choncho tikamva kuti kukubwera ofuna malo, tipite ku misonkhano pamodzi ndi makomiti athu a asodzi. Tipemphe kuona mapu. Njira yopita kumadzi, doko la asodzi, manda ndi mzikiti zilembedwe mu mgwirizano kuti sizidzakhudzidwa. Tifunse ntchito zingati zidzapatsidwa kwa eni dera, ndipo pepala lomwe sitinalimvetse tisasayinire mpaka wina wodalirika atiwerengere m'chilankhulo chathu.